Anthu Amene Anakumba Manda a Achimwene

Ndinadzuka kusanache. Kunena zoona sikunali kugona kwenikweni, ndinangotsamira khoma pafupi ndi bokosi, miyendo nditaifunditsa chitenje. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atatha mawu, ena akuwodzera chokhala. Alamu anga, akazi a malemu, anali kumutu kwa bokosi, maso ali pa nyali. Ndinalambalala miyendo ya anthu n'kutuluka.

Kunja kunali chiperoni, kamvula kaja kosamveka padenga koma konyowetsa mpaka m'kati. Abambo anali atazungulira moto wa zitsa za bulugama, majekete atafunda kumutu. Kuseri kwa nyumba amayi anali akukoleza moto wophikira, utsi ukukwawa pansi chifukwa nkhuni zinali zonyowa.

Ine chimene ndinatulukira ndi kumvetsera. Manda a m'mudzi mwathu ali kutsidya kwa khwawa, pafupi ndithu, ndipo kukakhala maliro, m'bandakucha timamva makasu akugunda ndi mawu a adzukulu, abambo a m'mudzi amene amakumba manda. Iwowo amaseka ngakhale pa zovuta, ndi mwambo wawo. M'mawa umenewo kunali zii.

Malemuwo anali achimwene anga, a Laisoni, amene ine ndinawaponda pamutu. Tinabadwira ku malaini a esiteti ya tiyi, m'nyumba ya chipinda chimodzi. Mayi athu ankathyola tiyi monga ankachitira mayi awo atabwera kuchokera ku Mozambiki. Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale n'kutenga dengu. Achimwene anapitiriza mpaka Folomu 4, ndipo atamaliza kampani inawalemba ukalaliki wa pa sikelo. Ankakhala pansi pa mtengo ndi sikelo yopachika, ife n'kumabwera pamzere ndi madengu athu. Tsiku la mvula ankadula makilo poti masamba anyowa, ndipo dengu langa ankalidula ngati la wina aliyense. Ndikawayang'ana, iwo ankayang'ana sikelo.

Kuchoka pa sikelo anawatengera ku ofesi. Kumeneko anayamba kuwerenga madzulo akaweruka, Loweruka n'kumakwera minibasi kupita ku Blantyre kukaphunzira. Atapeza mapepala anawaika mu ofesi yoyang'anira antchito, imene ife tinkaitchula kuti pasonelo, ndipo dzina linawamatirira. Munthu akafuna tchuthi, akavulala m'munda, akakangana ndi kapitawo, nyumba ya kampani ikamadontha, ankapita kwa a Pasonelo. Wantchito akamwalira, iwo ndiwo ankabwera ndi bokosi pa lole n'kuyankhula kumanda m'malo mwa kampani. Patapita zaka anawakweza kuti aziyang'anira maofesi otere a maesiteti onse a kampaniyo. Pomaliza anapita ku likulu ku Blantyre kukakhala dayilekitala wa za antchito, n'kumakhala pa tebulo limodzi ndi eni ake. Kuno kwathu dzina silinakwere nawo. Anakhalabe a Pasonelo.

Nthawi ina ndinawafunsa kuti ntchito yawo kwenikweni ndi yotani, poti sindinkawaona atanyamula kanthu. Anati amatenga zimene akuluakulu agwirizana m'Chingerezi n'kudzazinena m'Chichewa, ndiponso amatenga madandaulo a anthu m'Chichewa n'kukawanena m'Chingerezi. Anati ulendo woyambawo ndi wotsetsereka, wachiwiriwo ndi chikweza.

Chaka chimene kampani inazula tiyi wakale wa mbali yathu n'kudzala makademiya, kwina n'kubweretsa makina othyolera, tonse anatiitanitsa ku ofesi m'mawa. Achimwene anabwera kuchokera ku Blantyre, anaima pakhonde, n'kutiuza kuti ntchito yatha. Ananena mosabisa, mosafulumira, ndipo anayankha mafunso mpaka dzuwa linatentha. Ine ndinali m'gulu lomwelo. Ambiri amene anachotsedwa tsiku limenelo amakhala m'mudzi muno, kufupi ndi Luchenza, kumene mayi athu anapeza malo atapuma ntchito, ndiponso kumene anagona. Achimwene ananeneratu akudwala kuti adzawaike pafupi ndi mayi, ndipo alamu sanatsutse.

Kampani sinatitaye pa maliro amenewa. Inabweretsa thupi kuchokera kuchipatala, bokosi lonyezimira, matenti, mipando, ufa, ndi nkhuni pa thirakitala. Woyendetsa zonsezi anali bambo wina wa ku likulu amene achimwene anamuphunzitsa ntchito, munthu waulemu, wokulira m'tauni, foni yosachoka kukhutu. Kutayera pang'ono anandipeza nditaima kuseri kwa nyumba.

"Mayi, za kumanda musade nkhawa," anatero. "Dzulo ndinatuma dalaivala kukawauza okumbawo kuti afike nthawi yoyambira ntchito, kampani iwalipira tsiku lathunthu. Akapanda kufika, pa lole ija pali anthu athu ndi mapiki. Angoyamba."

Ndinayang'ana kumsewu. Lole inaimadi pafupi ndi masamba amene tinaika pamsewu osonyeza maliro, ndipo kumbuyo kwake kunali abambo ovala maovololo a kampani atakhala pa mapiki awo.

Apo ndinadziwa chifukwa chake kumanda kunali zii. Adzukulu salembedwa ganyu. Amadya, salipidwa. Amakumbira munthu chifukwa ndi wa m'mudzi, podziwa kuti tsiku lina ena adzawakumbira. Munthu akakumbiridwa manda ndi alendo olipidwa, ndiye kuti mudzi wamukana, ndipo mawu amenewo satha ndi maliro, amatsalira mbumba yonse. Alendo a ku Blantyre akanakwera magalimoto awo madzulo. Wotsala m'mudzi ndinali ine ndi ana anga aakazi.

Ndinapempha bamboyo kuti anthu ake asatsike kaye. Zopita kukapempha adzukulu ndi za abambo, koma mwamuna wa m'mbumba mwathu anali yemweyo amene anagona m'bokosi. Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni ndipo sanathe kubwera. Ndinamanga mpango n'kuyamba kwa amfumu. Amfumu athu ndi mayi, ndipo malo anali atalola kale. Anandimvetsera ali pakhomo, atafunda bulangete.

"Ine malo ndapereka," anatero. "Manja si anga. Pitani kwa a Khuliwa."

A Khuliwa ndi mkulu wa adzukulu. Ku esiteti anali kapitawo wanga zaka zambiri, ndipo anachotsedwa tsiku limodzi ndi ine. Ndinawapeza pakhonde pawo ndi abambo ena a m'mudzi. Onse anali atavala zokumbira, ena magambutsi akale a kampani. Makasu anali atatsamira khoma. Palibe amene anali kudya kapena kuchita kanthu, anangokhala. Ndinagwada pabwalo ponyowa pomwepo n'kuwalonjera m'Chilomwe. Anayankha.

"Amake Rute, mwabwera wapansi?" anafunsa a Khuliwa. "Galimoto yatha mafuta?"

Wina anaseka pang'ono.

"Ndabwera wapansi, akapitawo."

"Dzulo kunabwera galimoto yoyera. Dalaivala sanatsike. Anangotsitsa galasi, akuti mawa mufike nthawi ya ntchito, mulandira. Ndinamufunsa kuti tibwere ndi madengu omwe? Sanandimve." Kenako anati, "Ofesi imeneyo itatiitana komaliza m'mawa, mukudziwa chimene tinakamva."

"Ndikudziwa. Ndinaima kumbuyo kwanu."

Bambo wina amene anakhala kumapeto kwa khonde anayankhula osandiyang'ana. Anati achimwene pa maliro a m'mudzi ankabwera, kukhala pampando, kusiya chipepeso, galimoto n'kulira. Khasu la kumanda sanaligwirepo.

"Sanaligwirepo," ndinavomera.

"Nanga mwadzatani?" anafunsa a Khuliwa.

"Sindinatumidwe ndi kampani. Mwana wa mayi anga wagona m'nyumba ndipo alibe pomuika. Mwamuna woti abwere kudzakupemphani ndi yemweyo. Ndiye ndabwera ine."

Madzi ankagwa kuchokera padenga n'kumadontha m'chidebe. Maondo anga anali atalowa m'matope. A Khuliwa anayang'ana anzawo mmodzimmodzi, kenako anawerama n'kuyamba kukoka gambutsi yawo kuti ikhale bwino.

"Lole ija isakumbe kanthu," anatero. "Mutipatse khasu la pakhomo panu, loyambira. Ndipo nkhuku ikhale ya m'khola mwanu, osati zozizira zija zabwera m'makatoni. Ife mano athu ndi a nkhuku yachikuda."

Ndinawomba m'manja n'kudzuka.

Nditabwerera ndinauza bambo wa kampani uja kuti adzukulu akubwera, anthu ake asunge mapiki. Anayang'ana wotchi, anati akuluakulu anyamuka kale ku Blantyre ndipo mwambo uchedwa. Ndinati adikira. Anandifunsa ngati walakwitsa penapake. Ndinamuuza kuti anachita monga amachitira kuntchito, koma kuno si kuntchito. Sanakwiye. Anapita kukayankhula ndi a pa lole aja. Lole inachoka yopanda anthu, poti abambowo anatsika n'kukakhala pa moto pamodzi ndi ena. Ambiri a iwo ankawadziwa a Pasonelo.

Khasu limene ndinapereka linali la mayi athu, lakutha mbali imodzi. Kwathu kuno khasu loyamba kugwa pamanda limachokera pakhomo pa anamfedwa. Adzukulu anadutsa kuseri kwa nyumba ali mndandanda, osayankhula ndi munthu, n'kutsikira kukhwawa. Posakhalitsa tinamva kugunda. Amayi amene anali pa moto anayang'anana, wina n'kuyambitsa nyimbo chapansipansi. Ine ndinalowa m'khola n'kugwira thadzi limene linali litasiya kuikira.

Dzuwa silinatuluke tsiku limenelo, kunangoyera. Anthu anayamba kufika. Oyamba anali a midzi yapafupi, amayi atasenza ufa m'timabeseni ndi mitolo ya nkhuni. Kenako a kabaza anayamba kutsitsa anthu ochokera ku siteji ya Luchenza. Basi ya kampani inabweretsa antchito a ku fakitale ndi a m'minda. Ena anachokera kutali kwa Mphuka, atanyamuka usiku. Ndinaona nkhope zimene ndinasiyana nazo pa sikelo kalekale, anthu okalamba tsopano, zala zokhota ngati zanga. Magalimoto aakulu anafika pomaliza n'kuima mondondozana m'mbali mwa msewu, matayala ali m'ngalande. Eni ake anawalozera ku tenti ya mipando. Anthu a m'mudzi anakhala pansi pa nthochi ndi pansi pa mapeyala, amayi kwawo, abambo kwawo.

Pakati pa m'mawa a Khuliwa anabwera kunyumba ndi kansungwi kudzayeza bokosi. Anavula magambutsi pakhomo, manja ali ofiira ndi dothi. Amayi anasiya kuimba n'kuwapatsa njira. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, n'kuthyola nsungwiyo poyenera. Bokosi linali ndi kagalasi kumutu. Anaima pamenepo kanthawi akuyang'ana nkhope.

"Lanenepa ndi bokosi," anatero. "Mwini wake watha."

Alamu anayamba kulira. A Khuliwa anawagwadira pang'ono n'kutuluka.

Kukumba kunatenga nthawi. Anayamba mochedwa, bokosi linali lalikulu kuposa amene tinazolowera, ndiponso anakumana ndi mwala. Amayi anapereka chakudya cha adzukulu kumalire a manda n'kubwerera. Ena onse anadya nandolo ndi kabichi m'magulu. Ku tenti anthu ankadzuka kukayankhula pa foni kuseri kwa magalimoto n'kubwereranso. Bambo wa kampani uja anayenda kawirikawiri pakati pa tenti ndi khwawa, koma sanawoloke. Palibe amene anapita kukafulumizitsa adzukulu. Uthenga woti kumanda zatheka unabwera dzuwa litapendeka, ngakhale kuti dzuwalo sitinkaliona.

Bokosi analitulutsa n'kuliika pabwalo. Mbiri ya kubanja ananena ndi mkulu wa mpingo, mwachidule: kumene anabadwira, mayi awo, mkazi ndi ana. Kenako anaima mkulu wa kampani. Anayankhula m'Chingerezi, bambo wa kampani uja n'kumamasulira. Anatchula masitepe onse, kuyambira pa sikelo mpaka ku likulu, udindo uliwonse ndi dzina lake. Anati kampani inalibe munthu wina amene anayambira pansi chotero n'kufika pamwamba chotero, ndipo achinyamata atengerepo phunziro. Anati achimwene ankadziwa antchito ndi maina awo. Zimenezo zinali zoona. Za chaka cha makademiya sanatchule. Ndinaona kuti womasulirayo pena ankafewetsa mawu, pena ankadumpha, ndipo ndinazindikira kuti ntchito ya achimwene yapeza kale mwini.

Pambuyo pake anapatsa mpata bambo wina wa bungwe la antchito. Iyeyo sanatalikitse. Anati anakhala zaka zambiri akukangana ndi malemu pa tebulo, ndipo nthawi zambiri ankatuluka chimanjamanja. Koma malemu sankalonjeza chinthu choti kulibe. Akati palibe, kunalibedi, ndipo ankabwera okha kudzanena pamaso pa anthu, osatuma munthu. Pansi pa nthochi ena anang'ung'udza movomereza, ena anangoyang'ana pansi. Abusa analalikira mwachangu poona mitambo.

Kampani inabweretsa galimoto yonyamula maliro, koma kumanda kwathu kulibe msewu. Adzukulu anabwera n'kunyamula bokosi pamapewa. Amayi a mpingo anatsogola ndi nkhata zamaluwa akuimba. Ife anamfedwa tinatsatira bokosi, alamu atagwiridwa mbali zonse. Njira yotsikira kukhwawa inali yoterera, dothi lofiira lomata. Onyamula ankasinthana osaima, wina akatopa mnzake n'kulowetsa phewa. Pa mmodzi mwa masinthidwe amenewo ndinaona bambo uja amene anati achimwene khasu la kumanda sanaligwirepo atagwira kumiyendo. Ovala masuti ankatsika chammbali atagwira udzu. Mmodzi anaterereka n'kukhala pansi, mayi wina wa m'mudzi anamudzutsa n'kumupukuta ndi chitenje chake. Kuchokera pakhwawa, ukakweza maso, umaona minda ya tiyi ya esiteti itayala phiri lonse, ndipo mbali imene tinkathyola ife kuli mizere ya makademiya, mitengo yaikulu tsopano.

Manda anali pafupi ndi a mayi, monga anafunira. Anali akuya, makoma owongoka bwino, mwala uja atauchotsa n'kuugubuduzira pambali. A Khuliwa ndi mnzawo anatsikira m'dzenje kukalandira bokosi. Iwo anagwira kumutu. Analiika pansi mosagunditsa, analiwongola pang'ono, kenako anzawo anawakoka. Abusa anapemphera. Alamu anaponya dothi, ana anaponya, ine ndinaponya. Adzukulu anayamba kukwirira, ndipo kamvula kanawonjezera. Anthu a magalimoto ena anayamba kubwerera nkhata zisanathe kuikidwa. Bambo wa kampani uja anakhala mpaka pomaliza, jekete litanyowa. Pochoka anapita kwa a Khuliwa, anawagwira dzanja ndi manja awiri, ndipo sanatulutse kanthu m'thumba.

Pofika madzulo matenti anali atapasulidwa. Thirakitala inabwera kudzatenga mipando. Pabwalo panatsala mabowo a zikhomo, mapepala a mabisiketi, ndi phulusa lonyowa pamene panali moto. Amayi oyandikana nafe anatsuka miphika yobwereka n'kuigawa kwa eni ake. Achibale ochepa amene anatsala kudikira kusesa anali m'nyumba, akuyankhula motsitsa. Alamu anagona m'chipinda chimene chinali cha mayi, nsapato asanavule. Pabalaza pamene panali bokosi panaoneka potakasuka kuposa kale. Mphasa inali ikadali pomwepo ndi zipsera za miyendo ya mabenchi amene anasanjikapo bokosi.

Kukuyamba kuda ndinamva odi kuseri. Anali a Khuliwa, atasamba, atavala malaya ena. Anabweretsa khasu la mayi, lotsukidwa. Ndinawapatsa mpando koma anakana kukhala.

"Tamuika bwino," anatero. "Sitinachepetse paliponse."

"Ndaona, akapitawo. Zikomo."

"Munthu tamukwirira, amake Rute. Nkhani ya chaka cha makademiya ija sitinaikwirire. Ikadalipo."

"Ikadalipo," ndinatero.

Anatsamiritsa khasu kukhoma, ananditsanzika m'Chilomwe, n'kumapita. Ndinaima pakhomo mpaka anakhota pa nthochi. Kenako ndinalowetsa khasu m'nyumba kuti mpini usanyowe, ndinaliika kuseri kwa chitseko pamene limakhala, n'kupinda mphasa ija.